Mfuti Zinaleka Kulira, Nanga Mtima Unabwerera Kwawo?

(NYIMBO YOTSEGULIRA PULOGALAMU. ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO.)

WOLENGEZA: Anansi athu achisilamu amene mumatchera nafe khutu, khalani omasuka. Yakwana nthawi yoti tilingalire pamodzi Mawu a Mulungu. Lero tikamba za tchimo, za phompho limene limakumba pakati pa munthu ndi Mlengi wake, ndi za njira yobwerera. Aphunzitsi, bwalo ndi lanu.

MPHUNZITSI: Zikomo kwambiri. Mtendere wa Ambuye ukhale nanu nonse, abale ndi alongo anga.

Ndiyambe ndi mbiri imene ambiri mwa akuluakulu akundimvawa anaiona ndi maso awo. M'zaka 16 za nkhondo yapachiweniweni, mzinda wathu uno wa Lichinga unadulidwa ku dziko lonse. M'misewu munali mabomba okwirira. Njanji yochokera ku Cuamba, ya makilomita pafupifupi 260, inaonongeka moti sitima inkatha masabata panjira. Mchere, sopo ndi shuga zinasowa, katundu wochepa n'kumafika pa ndege. Mabanja anamwazikana. Ena anadutsa pa Mandimba kulowa m'Malawi, dziko limene linasunga othawa nkhondo athu oposa 1 miliyoni. Ena anapalasa mabwato kunka ku Likoma ndi Chizumulu, ena anaoloka Rovuma kukafika ku Tanzania. M'dziko lonse anthu pafupifupi 1 miliyoni anataya miyoyo, ena ndi zipolopolo, ena ndi njala ndi matenda. Ife a ku Niassa sitisowa wotiuza kuwawa kwa kulekana.

Mtendere sunagwe ngati mvula. Mu 1989 atsogoleri a mipingo, pakati pawo Kadinala Alexandre dos Santos, Arkibishopu Jaime Gonçalves wa ku Beira ndi Bishopu Dinis Sengulane wa mpingo wa Anglican, anapita ku Nairobi kukakumana ndi atsogoleri a Renamo, gulu limene linkamenyana ndi boma. Mu Julayi 1990 zokambirana zinayamba ku Roma, m'nyumba ya gulu lachikatolika la Sant'Egidio, ndipo zinatenga zaka ziwiri ndi miyezi. Pa 4 Okutobala 1992 Pulezidenti Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama wa Renamo anasaina pangano la mtendere. M'mwezi womwewo nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo lokhululukira milandu ya nkhondo. Wa mbali iyi ndi wa mbali inayo, palibe amene anayenera kukaonekera ku khoti.

Tsono tchereni khutu apa, chifukwa phunziro lathu lagona pomwepa. Lamulo linanena kuti mnyamata wobwera kunkhondo alibenso mlandu. Koma atafika m'mudzi mwawo, pepala la boma silinathe kumulowetsa m'nyumba ya mayi ake. M'madera ambiri a dziko lino, wobwera kunkhondo ankamuimika kaye kunja kwa bwalo. Zovala zimene anabwera nazo ankazitentha, iye n'kumusambitsa, pena kumtsinje, pena ndi mankhwala a makolo, ndipo akatero m'pamene ankapisa dzanja m'mbale imodzi ndi abale ake. Kwina akhristu ankamutengera kutchalitchi kukamupempherera. Pa miyambo imeneyi mipingo imaona mosiyanasiyana, koma chinthu chimodzi makolo athu anachigwira bwino. Kusamangidwa ndi nkhani ina, kulandiridwa pakhomo ndi nkhani inanso.

Funso langa kwa inu madzulo ano ndi ili. Pakati pa inu ndi Mulungu, kodi mwangosiya kuopa chilango, kapena mwalowadi m'nyumba?

(NYIMBO YAIFUPI.)

MPHUNZITSI: Tiyeni tione kaye chimene tchimo limachita. Ambiri timaganiza kuti tchimo ndi kuphwanya lamulo basi, monga woyendetsa galimoto wopanda chiphaso amene akalipira faindi nkhani yatha. Baibulo limapita patsogolo. Pa Genesis mutu 3, munthu ndi mkazi wake atadya chipatso choletsedwa, mphezi sinawagwere. Chinachitika choyamba ndi manyazi. Anasoka masamba kudzifunditsa, ndipo atamva Mulungu akuyenda m'munda anathawira kuseri kwa mitengo. Amene ankacheza naye momasuka anayamba kumuopa. Atafunsidwa, mwamuna analoza mkazi, mkazi analoza njoka. Tsiku limodzi lomwelo munthu anatalikirana ndi Mulungu, anatalikirana ndi mnzake wa pamtima, ndipo mutu wotsatira tikupeza Kaini atapha mphwake Abele kumunda.

Mneneri Yesaya, pa mutu 59, akufotokoza kuti vuto silili kwa Mulungu, ngati kuti mkono wake wafupika kapena khutu lake lagontha. Ndi zoipa zathu zimene zaima pakati n'kutibisira nkhope yake. Ndipo mneneriyo satchula zinthu za kumitambo. Akutchula manja okhetsa magazi, milomo yonama, milandu yoweruzidwa mokhotetsa.

Tizibweretse pakhomo pathu. Mayi wogulitsa nyemba pamsika amene anaphwanyira m'kati pansi pa chitini choyezera. Bambo amene chaka ndi chaka amadyerera mzere umodzi wa munda wa mkazi wamasiye. Msodzi amene ndalama za usipa zimathera ku mowa, ana akugona ndi njala, mkazi akafunsa n'kulandira makofi. Wa mu ofesi amene sasaina pepala popanda kangachepe. Mnyamata amene anapereka mimba n'kuikana. Ana amene analoza agogo awo chala kuti ndi mfiti, n'kuwapirikitsa pamudzi. Ena mwa anthu otere ali m'kwaya, ena ndi akulu a mpingo. Palibe wapolisi amene adzawagogodere pakhomo.

Komabe mtima umadziwa. Pemphero limayamba kuuma. Munthu amene ankakhala kutsogolo amasamukira ku benchi yakumbuyo, kenako kukhomo, kenako Lamulungu limamupeza ali kudimba. Mgonero wa Ambuye ukafika amapeza chifukwa chotulukira panja. Pali njira zina m'mudzi zimene sadutsanso, kuopa kukumana ndi nkhope inayake. Mfumu Davide akufotokoza mu Salimo 32 kuti nthawi imene anakhala chete osaulula, thupi lake lenilenilo linafota, mphamvu n'kumuthera. Akulu akale anati mlandu suwola. Ukhoza kuukwirira zaka 30, koma uli pompo.

(NYIMBO YAIFUPI.)

MPHUNZITSI: Tsopano ndikutengereni ku nkhani imene sitiilalikira kawirikawiri, ya pa 2 Samueli mutu 13 ndi 14. Mukapeza mpata mukaiwerenge nokha.

Davide anali ndi mwana wamwamuna, Amnoni, amene anagwirira mlongo wake Tamara. Mfumu itamva inapsa mtima, koma sinachitepo kanthu. Abisalomu, mlongo wake wa Tamara wa bere limodzi, anasunga chakukhosi zaka ziwiri osanena kanthu, kenako pa phwando lometa nkhosa analamula anyamata ake kupha Amnoni. Atatero anathawira ku Gesuri, kwawo kwa mayi ake, nakhalako zaka zitatu. Mtima wa Davide unkamulakalaka mwana wakeyo, koma sanatume munthu.

Yowabu, mkulu wa asilikali, ndiye anapeza nzeru. Anatuma mayi wina wochenjera wa ku Tekowa kukakamba fanizo pamaso pa mfumu, ndipo mayiyo anaikumbutsa kuti Mulungu amakonza njira kuti wopirikitsidwa asakhale kutali mpaka kalekale. Davide anavomera kuti mnyamatayo abwere. Koma anaika malire, akuti apite kunyumba kwake, asaonane ndi mfumu.

Taganizani, abale anga. Abisalomu anakhala mu Yerusalemu zaka ziwiri zathunthu, mzinda umodzi ndi bambo ake, osaonana nawo maso ndi maso. Sanaphedwe, sanamangidwe, anali ndi nyumba ndi antchito. Koma zinamuwawa mpaka anatentha munda wa barele wa Yowabu kuti amvedwe, nanena kuti kukhala ku Gesuri kunali bwino kusiyana ndi kubwera kotereku. Pamapeto mfumu inamuitana, iye anagwada, bambo anamupsompsona. Koma m'nkhani yonseyo simupezamo Abisalomu akuvomera kuti anachimwa, simupezamonso Davide akuvomera kuti analephera kumuteteza Tamara. Anakumana matupi okha. Mutu wotsatira Abisalomu wayamba kukopa mitima ya anthu pachipata cha mzinda, ndipo mathero ake ndi nkhondo ya bambo ndi mwana, ndi Davide akulira maliro a mnyamata wake.

Akhristu ambiri tikukhala moyo wa Abisalomu mu Yerusalemu. Tinabatizidwa, dzina lili m'kaundula wa mpingo, chopereka timapereka, maliro athu adzaimbidwa. Tili mumzinda wa Mfumu koma nkhope yake sitiiona, ndipo tinazolowera mpaka tikuyesa kuti chikhristu n'chomwecho. Ine ndikukana. Yesu sanafere zimenezo.

(NYIMBO YAIFUPI.)

MPHUNZITSI: Ikani nkhani ya Davideyi pambali pa fanizo limene Yesu anakamba pa Luka mutu 15. Mwana wamng'ono anatenga gawo lake la chuma bambo ake ali moyo, nakamwaza kudziko lakutali mpaka anayamba kusirira chakudya cha nkhumba. Atakumbuka kwawo, sanayembekeze zambiri. Anakonza zokapempha ganyu, kuti azikhala pamudzi ngati wantchito, mimba ikhute, koma osalowa m'nyumba ngati mwana. Anadzikonzera yekha malo a Abisalomu.

Bambo ndi amene anakana. Anamuona akali patali, nathamanga, chinthu chimene munthu wamkulu wolemekezeka sachita pamaso pa mudzi. Anamukumbatira asanasambe, fungo la khola lili pathupi. Mwanayo anavomera kulakwa kwake ndi pakamwa pake, ndipo mawu amenewo anafunikadi kutuluka. Koma asanafike pa pempho la ganyu lija, bambo anali ataitanitsa kale chovala, mphete ndi nsapato, ndipo mwana wa ng'ombe wonenepa anaphedwa. Chibale ndi fupa, sichiwola. Davide anadikira kunyumba yachifumu kuti ena amubweretsere mwana. Bambo wa m'fanizoli anatuluka yekha kumsewu.

Umu ndi mmene Mulungu alili kuyambira pachiyambi. M'munda muja wa pa Genesis mutu 3, amene anayamba kufunafuna mnzake ndi Mulungu, munthu ali chibisalire. Paulo, pa Aroma mutu 5, akunenetsa kuti Khristu anatifera tisanasinthe, tikali adani. Pa 2 Akorinto mutu 5 akuti mwa Khristu Mulungu ankayanjanitsa anthu ndi Iye mwini, osawawerengera zolakwa zawo. Ndipo alembi a Uthenga Wabwino akutiuza kuti pamene Yesu anatsirizika pamtanda, chinsalu chotchinga malo opatulika kwambiri m'Kachisi chinang'ambika kuchokera kumwamba kufika pansi. Malo amene mkulu wa ansembe yekha ankalowa kamodzi pachaka anatseguka.

Tikudziwa kufunika kwa mkhalapakati. Pa ukwati tili ndi ankhoswe, pa milandu ya pamudzi tili ndi mafumu, ndipo dziko lathu silidzaiwala amene anakhalira pakati ku Roma, monga Andrea Riccardi, Bambo Matteo Zuppi, Mario Raffaelli ndi Arkibishopu Gonçalves. Iwo anapereka nthawi yawo, nzeru ndi kudekha. Mkhalapakati wathu Yesu Khristu anapereka magazi ake. Mlandu umene suwola uja sanaukwirire, anausenza. N'chifukwa chake chikhululukiro cha Mulungu sichifanana ndi lamulo longotseka mafayilo. Iye amadziwa zonse zimene munachita, dzina ndi tsiku lomwe, ndipo akudziwa choncho akukuitanirani ku mphasa yake.

(NYIMBO YAIFUPI.)

MPHUNZITSI: Wina afunsa kuti, ngati Mulungu anachita kale zonse, ine changa n'chiyani? Yankho tilipezanso m'mbiri yathu.

Nkhondo itatha, asilikali anatula zida pamaso pa a United Nations, ndipo mu Okutobala 1994 tinaponya voti koyamba m'zipani zambiri. Koma mfuti zochuluka sizinaperekedwe. Zinakwiriridwa m'tchire, m'minda ndi pansi pa nyumba, chifukwa anthu ankati mwina mawa zidzafunika. Mu 1995 Bishopu Sengulane pamodzi ndi bungwe la mipingo la Conselho Cristão de Moçambique anayambitsa ntchito yosandutsa zida kukhala makasu, potsata masomphenya a pa Yesaya mutu 2. Munthu ankabweretsa mfuti kapena kuloza pamene zakwiriridwa, osaimbidwa mlandu, n'kulandira khasu, njinga, makina osokera, malata kapena simenti. Zida zoposa 600,000 zinasonkhanitsidwa. Zinkadulidwa kuti zisadzalirenso, ndipo zidutswa zake amisiri a ku Maputo anaumba nazo zinthu zokongola. Mmodzi wa iwo, Cristóvão Canhavato, wodziwika kuti Kester, anapanga mpando wachifumu mu 2001, ndipo pambuyo pake iye ndi anzake atatu anapanga mtengo wa moyo. Zonse ziwirizi zili ku British Museum ku London.

Mtendere unasainidwa mu 1992, koma bambo amene anali ndi mfuti pansi pa mphasa sankagona tulo ta mtendere mpaka tsiku limene anaifukula. Kulapa n'komweko. Khristu anasaina kale pangano, inu fukulani chimene munakwirira.

Choyamba, chitchuleni ndi dzina lake pamaso pa Mulungu. Kupemphera kuti Ambuye khululukireni machimo anga onse n'kosavuta, chifukwa sikuloza pamene pali dzenje. Nenani kuti ndinaba, ndinanama, ndinamenya mkazi wanga, ndinagona ndi mwamuna wa mnzanga. Kalata yoyamba ya Yohane, mutu 1, ikulonjeza kuti woulula amakhululukidwa ndi kuyeretsedwa, ndipo ikuchenjeza kuti wodzitcha wopanda tchimo akudzinamiza yekha. Inu akatolika ndi a Anglican, musaope kupita kwa wansembe. Inu a mipingo ina, pezani abusa kapena mkhristu wokhwima wosunga chinsinsi. Yakobo pa mutu 5 akutilangiza kuululirana ndi kupemphererana. Kumidzi ina, wobwera kunkhondo akasambitsidwa ankauzidwa kuti asadzakambenso zimene anaona. Zinathandiza anthu kukhalira pamodzi, koma alipo ambiri amene mpaka lero amadzidzimuka usiku. Ngati ndinu mmodzi wa iwo, agogo anga, dziwani kuti kwa Mulungu mukhoza kunena zonse, ndipo sadzatembenuza nkhope.

Chachiwiri, bwezani chimene chingabwezedwe. Zakeyu wa ku Yeriko atalandira Yesu m'nyumba mwake, analonjeza kupereka theka la chuma chake kwa osauka ndi kubweza kanayi kwa amene anawabera. Mzere wa munda wa mkazi wamasiye uja ubwerere mvula isanagwe. Chitini chophwanyika chitayidwe. Mwana amene munamukana mukamuone, mumugulire makope ndi yunifolomu. Agogo aja mukawatenge. Yesu pa Mateyu mutu 5 akuphunzitsa kuti ukakumbukira m'bale amene uli naye chifukwa uli kale paguwa, usiye kaye choperekacho, ukayambe wagwirizana naye. Njira yopita kwa Mulungu kawirikawiri imadutsa pakhomo pa munthu amene timamuzemba.

Chachitatu, musasunge chida china kuti mwina chidzafunika. Nambala ya munthu amene amakukokerani ku tchimo ifafanizeni mufoni. Malo aja amene mumagwera nthawi zonse, sinthani njira. Ndipo manja amene atula mfuti agwire khasu, chifukwa manja opanda ntchito amakafukula zakale. Bwererani ku pemphero la m'mawa, ku Mawu, ku limana kapena ku gulu lanu la mapemphero, ku Mgonero. Dziko lathu latiphunzitsa kuti mtendere umafuna kusamalidwa. Mfuti zinaliranso pakati pa dziko kuyambira 2013, mpaka panafunika pangano lina mu Ogasiti 2019, ndipo abale athu a ku Cabo Delgado akuvutika kuyambira 2017. Mtima nawo ukaulekerera umabwerera kutchire.

Ndilankhulenso kwa inu amene munalakwiridwa, pakuti nkhani ya Abisalomu inayamba ndi Tamara, amene palibe anamumvera. Ngati munagwiriridwa, kumenyedwa kapena kulandidwa, tchimolo si lanu, ndipo manyazi ake si anu. Mulungu sali kutali ndi inu chifukwa cha chimene wina anakuchitani. Kukhululuka sikutanthauza kubwerera kumene mukaphedwe, kapena kubisa wochita nkhanza. Kanene kwa ankhoswe, kwa akulu a mpingo, kwa mfumu, kupolisi. Davide anakhala chete, ndipo chete ameneyo anapha ana ake awiri.

Ndi inu a mpingo, wina akabwerera musakhale ngati mkulu wake wa mwana wolowerera uja, amene anakana kulowa m'nyumba pomva ng'oma. Mtsikana amene anaikidwa pa chilango, nthawi yake ikatha, mumulandire ndi manja awiri, osamangomunong'ona zaka khumi. Petro anakana Ambuye katatu, koma pa Yohane mutu 21 Yesu anamuphikira nsomba m'mbali mwa nyanja, namufunsa katatu za chikondi, namupatsanso nkhosa zake kuti aziwete. Sanamusiye pa benchi yakumbuyo.

Tiyeni tipemphere.

Atate wathu wachifundo, Inu mukudziwa zimene takwirira ndi pamene tazikwirira. Tatopa kukhala pafupi ndi nyumba yanu osaona nkhope yanu. Tipatseni kulimba mtima kuti titchule machimo athu, tibweze za eni ake, ndi kupepesa amene tinawapweteka. Tonthozani amene analakwiridwa, ndipo muwapatse anthu owamvera. Chiritsani amene akusenzabe zipsera za nkhondo. Sungani Niassa, Cabo Delgado ndi Mozambique yense mumtendere. Tikupempha m'dzina la Yesu Khristu, Mkhalapakati wathu. Ameni.

WOLENGEZA: Ameni. Zikomo aphunzitsi. Omvera, sabata ino mukawerenge 2 Samueli mutu 14 pamodzi ndi Luka mutu 15, mukambirane pabanja panu kapena ku gulu lanu la mapemphero. Amene simutha kuwerenga, pemphani mwana kapena mdzukulu akuwerengereni. Ndipo ngati pali munthu amene dzina lake lakhala likubwera m'mutu mwanu pamene aphunzitsi amalankhula, musadikire Lamulungu, mukamuone mawa. Tidzakumananso sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino. Ambuye akudalitseni, tsalani bwino.

(NYIMBO YOTSEKERA PULOGALAMU.)